Kapamba wa mwana wa pakomboni

Ku Mashonaland n'kovuta kupeza famu yaikulu yopanda damu. Mukanyamuka ku Harare kulowera ku Mazowe, Glendale, Bindura mpaka ku Shamva, kapena mukakhotera ku Concession ndi ku Mvurwi, madzi amakhala akunyezimira kuseri kwa mitengo ya bulugamu. Madamuwa anawakumba kuti nazale ya fodya isaume m'chilimwe, kuti tirigu wa m'nyengo yozizira amwe, ndiponso kuti malalanje a m'chigwa cha Mazowe asafote. Ambiri mwa anthu amene anathera mphamvu zawo m'minda imeneyi anali makolo athu. Anachokera ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mangochi, ku Mulanje, ena ku Chipata ndi ku Tete. Ena anayenda wapansi n'kuwoloka Zambezi, ena anakwera malole a Ulere, ena analembedwa ndi Mthandizi. Anakakhala m'makomboni, ndipo komboni ndi damu sizitalikirana. Adzukulu awo alipobe. Chichewa chikumvekabe madzulo pakati pa nyumba za pakomboni, ndipo gule wamkulu akutulukabe pamaliro.

Pa famu ina ya pakati pa Bindura ndi Shamva panali mnyamata amene ankaleredwa ndi agogo ake aakazi. Dzina sindimupatsa, chifukwa njira imene anayendamo ndi ya ana ambiri a m'makomboni, ndipo ndaitsata monga momwe matendawa amayendera. Mayi ake anamwalira iye akuyamwa. Bambo ake anapita kukasaka golide m'mphepete mwa mtsinje wa Mazowe ndipo ankangomveka mwa apo ndi apo. Famuyo inali itagawidwa kale pa kugawa malo kumene kunayamba m'chaka cha 2000, koma anthu a pakomboni anatsala pomwepo chifukwa analibe mudzi wina wopitako. Tisanamizane kuti kale zinthu zinali bwino. Kafukufuku wa René Loewenson wa m'zaka za m'ma 1980 anaonetsa kuti ana a m'mafamu anali m'gulu la ana onyentchera kwambiri m'Zimbabwe. Komabe panali pampu yokoka madzi apansi, ndipo panali mayi wazaumoyo wa pafamu, mmodzi mwa amene anayamba kuphunzitsidwa m'boma la Bindura dziko litangolandira ufulu. Pampu itawonongeka panalibe woikonza. Mayi wazaumoyo uja atasiya kulandira malipiro anasiyanso ntchito. Kuchapa, kusamba, kutsuka mbale, zonse zinasamukira kudamu.

Mnyamatayu analowa m'madzi amenewo asanayambe n'kuyenda komwe, agogo ake akumusambitsa m'mphepete. Pofika zaka 7 anali katswiri wa mbedza. Ankaima m'madzi olekeza m'chiuno dzuwa lili paliwombo, kudikira mlamba, ndipo ndiwo za pakhomopo zinkadalira iye. Nthawi ya masana imeneyo ndi imene tizilombo ta likodzo timatuluka tambiri m'nkhono. Nkhono zake ndi zing'onozing'ono, zimamatirira ku udzu ndi ku mabango a m'mphepete mwa damu ndi m'ngalande zothirira. Munthu wodwala akakodza kapena kudzithandiza pafupi ndi madzi, mazira amaswa, tiana timalowa m'nkhono n'kuchulukana mmenemo, ndipo pakatha milungu ingapo timatuluka tambirimbiri kusaka khungu la munthu. Sipafunika bala, sipafunikanso kumwa madziwo. Timaboola khungu labwinobwino m'mphindi zochepa, timayenda ndi magazi, n'kukakulira m'mitsempha kukhala tinyongolotsi totalika ngati sentimita imodzi, timene timakhala ndi moyo zaka 3 mpaka 5, tina kupitirira apo.

Likodzo lili pawiri, ndipo apa ndi pamene ambiri timasocherera. Limene tonse timalidziwa ndi la m'chikhodzodzo, la kachilombo kotchedwa Schistosoma haematobium, kamene ku Zimbabwe kamakulira m'nkhono ya Bulinus globosus. Limeneli limadziulula lokha: mwana akamaliza kukodza, madontho otsiriza amakhala ofiira. Lachiwiri ndi la m'matumbo, la Schistosoma mansoni, ndipo nkhono yake ndi Biomphalaria pfeifferi. Tinyongolotsi take timakhala m'mitsempha ya matumbo, ndipo kakazi kamodzi kamaikira mazira pafupifupi 300 tsiku lililonse. Ena amatuluka ndi chimbudzi, koma ena ambiri amatengedwa ndi magazi kupita kuchiwindi, kumene amakakodwa m'timitsempha tating'ono. Thupi limazinga dzira lililonse ndi kachipsera. Mwana samva kanthu, kapena amangodandaula m'mimba ndi kutsegula masiku ena, zimene mwana aliyense wa pakomboni amadandaula.

Mnyamata wathu anali ndi mitundu yonse iwiri. Ali ndi zaka 8 anayamba kukodza magazi, koma agogo ake sanadabwe. Ana aamuna onse a pakomboni ankatero, ndipo amalume ake a mnyamatayo anakodzapo magazi ali aang'ono n'kusiya okha. Zinaterodi: atakula pang'ono mkodzo unayera, ndipo pakhomopo anati wachira.

M'zaka za 2010 ndi 2011 unduna wa zaumoyo wa ku Zimbabwe, kudzera ku National Institute of Health Research, imene kale inkatchedwa Blair Research Laboratory, unayeza ana oposa 13,000 m'sukulu za pulayimale 280 za m'dziko lonselo. Pafupifupi ana 23 pa 100 aliwonse anapezeka ndi likodzo, 18 la m'chikhodzodzo ndipo pafupifupi 7 la m'matumbo, ena ali ndi onse awiri. Boma la Shamva ndilo linali patsogolo: ana oposa 6 mwa 10 aliwonse. Kuyambira m'chaka cha 2012 boma linayamba kumwetsa ana a sukulu mankhwala a praziquantel kwaulere. Mwana amaima pa ndodo yoyezera msinkhu, ndodoyo imasonyeza kuchuluka kwa mapiritsi, amameza kamodzi, basi.

Tsiku limene mankhwalawo anafika koyamba pasukulu ya pafupi, imene inali m'nyumba yakale ya mwini famu, inali nthawi yowokera fodya, ndipo mnyamatayo anali kumunda kutungira madzi owokera. Sukulu ankapita mwa apo ndi apo. Analibe chiphaso chobadwira, monga ana ambiri a makolo ochokera ku Malawi amene boma linkawalemba kuti ndi alendo, ndipo ankadziwa kuti mayeso a giredi 7 adzamuvuta kulemba. Chaka chotsatira anali pasukulu, koma madzulo a tsiku loti mawa amwe mankhwala, agogo ake anamuitana.

"Iwe, mawa usakamwe zimenezo. Mwana wa kuseriku anagwa nazo chizungulire chaka chatha, anachita kumunyamula."

"Koma aphunzitsi anati aliyense amwe, agogo."

"Ukudwala chiyani iwe? Sukudya? Sukuthamanga? Mankhwala amamwa odwala, mdzukulu wanga."

Agogowa sankanama za mwana wa kuseri. Mapiritsi a praziquantel ndi aakulu, ndi owawa kwambiri, ndipo akagwera m'mimba mopanda kanthu amabweretsa chizungulire, nseru ndi kupotokola. Mwana amene ali ndi tinyongolotsi tambiri ndiye amamva kwambiri, chifukwa timafa tambiri nthawi imodzi. Zimenezi zimatha tsiku lomwelo kapena mawa lake, ndipo zimachepa mwana akadya phala kapena nsima asanamwe. Mwana wa kuseri uja, amene anamunyamula, ndiye anapindula. Amene anatetezedwa ndi chikondi cha agogo ake anapitiriza kusunga tinyongolotsi toikira mazira usana ndi usiku.

Atakwanitsa zaka 13 agogo ake anaona kuti mimba ya mwanayo yatukuka kumanzere. Atapapasa pansi pa nthiti anakhudza chinthu cholimba chokhala ndi msonga yake. Anachidziwa. Anati ndi kapamba wa malungo, ndipo anapita naye kwa sing'anga wa pakomboni yoyandikana, amene anamutema mphini pamalo potupapo n'kupakapo mankhwala. Sindingawaweruze kuti anali mbuli. Malungo alikodi ku Shamva, ku Mount Darwin ndi ku Centenary, ndipo amatupitsadi kapamba. Kuyambira kale madokotala ankadziwa kukula kwa malungo m'dera popapasa mimba za ana n'kuwerenga amene ali ndi kapamba wotupa. Kafukufuku wa ku Makueni ku Kenya anasonyezanso kuti malungo ndi likodzo la m'matumbo zikakumana mwa mwana mmodzi, chiwindi ndi kapamba zimatupa kuposa mmene zikanachitira pa matenda amodzi okha. Chimene agogowa sakanatha kudziwa ndi manja awo n'chakuti kapamba amatupa pa zifukwa ziwiri zosiyana. Amatupa akamalimbana ndi malungo, ndipo amatupanso magazi akamalephera kudutsa m'chiwindi n'kumabwerera kwa iye.

Pa Khirisimasi amalume ake anabwera kuchokera ku Johannesburg. Ataona mphwawo ali ndi manja owonda, mimba yaikulu ndi zipsera za mphini, anakalipa.

"Amayi, mwanayu mwamusunga chonchi mpaka liti? Mawa ndikupita naye ku Harare."

Anapita naye kwa dokotala wolipira amene anali ndi makina ojambulira m'mimba, a mtundu umene umayezanso kulimba kwa chiwindi.

Makina oyamba oyeza kulimba kwa chiwindi popanda kubaya, otchedwa FibroScan, anapangidwa ku Paris ndi kampani ya Echosens ndipo anayamba kudziwika m'chaka cha 2003. Kale dokotala akafuna kudziwa ngati chiwindi chili ndi zipsera ankabaya singano pakati pa nthiti n'kutengako kachidutswa, ntchito yopweteka imene kholo silingalolere msanga pa mwana. Tsopano wodwala amangogona chagada, dzanja lamanja kumutu, ndipo kachida kogwira m'manja kamaikidwa pakati pa nthiti. Kamagogoda pang'ono, kugogodako kumatumiza kafunde m'chiwindi, ndipo makina amatsata liwiro la kafundeko. M'chiwindi chofewa kamayenda pang'onopang'ono, m'chiwindi cholimba kamathamanga. Liwirolo limasandutsidwa nambala, imene muyeso wake amaulemba kuti kPa. Amayeza maulendo 10 n'kutenga nambala ya pakati. Munthu amafunika kukhala maola osachepera 3 osadya, chifukwa chakudya chimachulukitsa magazi m'chiwindi n'kukweza nambala. Masiku ano makina ambiri a sikani wamba ali ndi luso lomweli, ndipo amatha kuyezanso kapamba.

Koma nambala payokha sinena kanthu ngati simudziwa kuti ya mwana wabwinobwino imakhala yotani. N'chifukwa chake madokotala amavutikira kuyeza ana amene sakudwala. Ku Heidelberg ku Germany, kafukufuku amene anatuluka m'chaka cha 2012 anayeza ana athanzi 240 ndipo anapeza kuti nambala ya pakati inali 4.7 kPa, malire ake apamwamba ali pafupifupi 6.5. Anapezanso kuti nambalayo imakwera pang'ono mwana akamakula. Kapamba mwachibadwa ndi wolimba kuposa chiwindi, ndipo nambala yake mwa mwana wathanzi imakhala yoposa ya chiwindi katatu kapena kuposerapo. Manambala ngati amenewa ndi amene dokotala amayang'anapo akamauza kholo kuti mwana ali bwino kapena ayi.

Nambala ya chiwindi cha mnyamata wathu inali pansi pa malire aja. Dokotala anatembenukira kwa amalume ake.

"Bambo, chiwindi sichinalimbe. Koma kapamba uyu sakundisangalatsa, ndi wamkulu kwambiri. Mwanayu amakhala kufupi ndi madzi? Mukamuyezetse chimbudzi ndi magazi, mubwere nayenso ndi zotsatira."

Amalume aja anali atawononga kale ndalama zambiri pa basi ndi pa makina, ndipo tchuthi chawo chinali chitatsala pang'ono kutha. Anamva mawu oyamba, otsatirawo anawasiya pakhomo pa chipatala. Ali pa siteji anaimba foni.

"Amayi, tayeza ndi makina akuluakulu. Adokotala akuti chiwindi chili bwino."

Mawu amenewa anakhala pakhomopo zaka zambiri. Aliyense amene ankafunsa za mimba ya mnyamatayo ankayankhidwa kuti anapita ku Harare, makina anamuona, ali bwino.

Makinawo sananame. Anayankha funso limene anapangidwira. Mowa ndi matenda a chiwindi a hepatitis B zimapha minofu ya chiwindi paliponse, zipsera zimafalikira m'chiwindi chonse, chonse chimauma, ndipo kafunde kaja kamathamanga kulikonse kumene mungayeze. Likodzo silitero. Mazira ake amakodwa m'nthambi za mtsempha waukulu umene umatenga magazi kumatumbo ndi kwa kapamba kupita nawo kuchiwindi, ndipo zipsera zimazinga nthambi zokhazo. Dokotala wina, William Symmers, anazifotokoza ku Cairo m'chaka cha 1904: zipsera zoyera, zochindikala, zotsata mitsempha, pamene minofu ya pakati ili bwinobwino. Munthu wa pafamu angazimvetse msanga. Munda wothirira ukhoza kukhala ndi dothi lofewa, lachonde, koma ngalande zake zitatsekeka ndi matope. Amene akupima dothi ndi chala adzanena kuti munda uli bwino, pamene madzi akulephera kudutsa ndipo akubwerera kudamu, damu likudzaza, ndipo tsiku lina madziwo adzaboola pamene khoma lili lopyapyala. Dothi lija ndi minofu ya chiwindi, damu ndi kapamba, ndipo khoma lopyapyala ndi timitsempha ta m'munsi mwa m'mero, kumene magazi osowa njira amathawira.

N'chifukwa chake pa likodzo nambala ya chiwindi ikhoza kukhala yabwinobwino kapena yokwera pang'ono chabe, pamene munthu ali pangozi. Madokotala a ku Brazil, kumene likodzo la m'matumbo lavutitsa anthu kwa zaka zambiri, anapeza kuti mwa odwala otere kulimba kwa kapamba ndiko kumaonetsa bwino vutoli kuposa kulimba kwa chiwindi. Akatswiri a matenda a chiwindi amene amadziwika ndi dzina la Baveno, tauni ya ku Italy kumene misonkhano yawo inayambira, anagwirizana m'chaka cha 2021 kuti mwa akuluakulu a chiwindi chouma ndi hepatitis, kapamba wa nambala yopitirira 50 kPa akusonyeza kuti magazi apanikizika kwambiri mumtsempha uja. Manambala amenewo ndi a anthu akuluakulu ndi a matenda ena, ndipo dokotala wanzeru sawakakamiza pa mwana wa likodzo. Koma mfundo yake ndi yomveka. Woyeza chiwindi chokha, osayang'ana kapamba, wagwira theka la ntchito.

Chimene chimandipweteka n'chakuti zipsera za likodzo sizifuna makina odula kuti zioneke. Sikani wamba, yofanana ndi imene amaunikira amayi oyembekezera, imazionetsa ngati mizere yoyera ndi mphete zozinga mitsempha. Bungwe la WHO linasonkhanitsa akatswiri ku Cairo m'chaka cha 1990 ndi ku Niamey m'chaka cha 1996, ndipo anakonza zithunzi zoyerekezera, kuyambira pa A, chiwindi chabwinobwino, mpaka pa F, chimene zipsera zafika patali. Anakonzanso kuti kukula kwa kapamba ndi kwa mtsempha uja kuziyerekezeredwa ndi kutalika kwa munthu, chifukwa mwana wopinimbira sangayezedwe ndi muyeso wa mnzake wa zaka zofanana amene anakula bwino. Woyeza amayenera kukhala atafunsa kaye kumene mwana amakhala kuti adziwe choyang'ana. Dokotala wa ku Harare uja anafunsadi funso loyenera, la madzi. Yankho lake ndi limene silinabwerenso.

Pali funso linanso limene ofufuza a kwathu kuno ayenera kulisamala. Ku Heidelberg mwana wathanzi ndi wosavuta kumupeza. Nanga ku Shamva, kumene ana oposa theka anapezeka ndi likodzo, kumene malungo amabwera ndi dzinja lililonse, mwana wathanzi ndi uti? Mukapita pasukulu ya pafamu n'kusankha ana amene akuseka ndi kuthamanga, n'kuwayeza, n'kulemba kuti manambala awo ndiwo a ana abwinobwino, mudzakhala mutalemba matenda kukhala muyeso wa thanzi. Mnyamata wathu akanalowa bwinobwino m'gulu limenelo, chifukwa ankathamanga kuposa anzake. Mwana asanawerengedwe kuti ndi wathanzi ayenera kuyezedwa chimbudzi, mkodzo ndi magazi. Ndipo chimbudzi cha tsiku limodzi chikhoza kusowa mazira ngakhale tinyongolotsi tilimo, choncho amayenera kuyeza masiku angapo, kapena kugwiritsanso ntchito kachipangizo koyezera mkodzo kotchedwa CCA, kamene kamazindikira likodzo la m'matumbo.

Mnyamatayo anakula. Sukulu anasiya, anayamba ntchito kwa mmodzi wa alimi atsopano, kukolola fodya masana ndi kusonkhezera moto m'mabalani usiku. Mowa sankamwa. Maso ake sanachite chikasu, chifukwa minofu ya chiwindi inkagwirabe ntchito yake. Ankangotopa msanga, ndipo akadzicheka magazi ankachedwa kuleka, popeza kapamba wotupa amasunga timagawo ta magazi timene timathandiza kuti aundane. Msana ukamupweteka chifukwa chonyamula nkhuni ankagula mapiritsi a asipirini kapena a Brufen pa kagolosale ka pakomboni, osadziwa kuti kwa munthu wa mitsempha yotupa m'mero mapiritsi amenewa ndi oopsa.

Ali ndi zaka 21, m'nyengo yowotcha fodya, anaona kuti chimbudzi chake chada bii kwa masiku awiri. Sanauze munthu. Usiku wotsatira, ali pabalani, anamva nseru, anawerama, ndipo zimene zinatuluka zinali magazi okhaokha, ena oundana. Anzake anamuika pa ngolo ya ng'ombe kupita kumsewu, n'kudikira galimoto. Kusanache, pakomboni panali patamveka kale kuti wadyetsedwa, ndipo mayina a anthu oganiziridwa anali atayamba kutchulidwa. Agogo ake, amene tsopano ankayenda ndi ndodo, ankangobwereza kuti, "Koma makina anati ali bwino mwana ameneyu."

Kuchipatala cha boma anamuika magazi, kenako anamutumiza ku Harare, kumene anamulowetsa kapaipi ka kamera kukhosi n'kupeza mitsempha yotupa m'munsi mwa m'mero. Anaimanga ndi timphira. Anapulumuka, ndipo odwala likodzo ambiri amapulumukadi akafika kuchipatala nthawi ikadalipo, chifukwa chiwindi chawo chimakhala chikadali ndi mphamvu, mosiyana ndi cha munthu amene chauma ndi mowa. Amene amafa ndi amene magazi awathera pangolo kapena m'mphepete mwa msewu. Sikani inaonetsa mizere yoyera yochindikala kuzungulira mitsempha, ndi kapamba wofika kumchombo. Kumeneko ndi kumene anamwa praziquantel koyamba pa moyo wake.

Mankhwalawo anapha tinyongolotsi, koma zipsera za zaka zambiri sizichoka zonse. Akanamwa ali mwana nkhani ikanakhala ina. M'minda yothirira ya Gezira ku Sudan, madokotala anaunika ana a sukulu ndi sikani, anawamwetsa praziquantel, ndipo atawaunikanso patapita miyezi anapeza kuti mwa ana ambiri zipsera zinali zitachepa. Chiwindi cha mwana chimatha kudzikonza mazira akasiya kubwera. Mapiritsi amene agogo aja anakaniza ndi omwewo amene kampani ya Merck ya ku Germany imapereka kwaulere kudzera ku WHO, mpaka 250 miliyoni pachaka. Sateteza mwana kuti asatengenso matendawa akabwerera m'madzi, ndipo saphanso tinyongolotsi timene tikadali tating'ono, n'chifukwa chake amayenera kumwedwa mobwerezabwereza, chaka ndi chaka, ngakhale mwana asakudandaula chilichonse. M'chaka cha 2022 WHO inalangiza kuti m'madera amene anthu 10 pa 100 kapena kuposa ali ndi likodzo, mankhwala aziperekedwa kwa aliyense kuyambira wa zaka 2, akuluakulu omwe, osati ana a sukulu okha. Mu Disembala 2023 bungwe loona za mankhwala la ku Ulaya linavomereza kapiritsi katsopano ka ana aang'ono, arpraziquantel, kamene kamasungunuka mkamwa kapena m'madzi ndipo sikawawa kwambiri.

Ndikudziwa kuti kuuza mayi wa pakomboni kuti mwana asapite kudamu, pamene pampu inafa kalekale, n'kulankhula zopanda pake. Koma pali zimene angathe. Madzi osambitsira khanda akatungidwa n'kusungidwa mu ndowa masiku awiri athunthu, tizilombo timene tinali mmenemo timafa tokha, chifukwa sitikhalitsa kunja kwa nkhono tikasowa munthu. Kuwatenthetsa pamoto kumatipha msanga. Chimbudzi chokumba kutali ndi damu chimadula ulendo wa mazira. Ndipo mwana amene sali pasukulu tsiku la mankhwala akhoza kupita naye kuchipatala cha pafupi kukapempha mapiritsi omwewo. Owerenga a ku Malawi asaganize kuti izi n'za ku Zimbabwe kokha. Kwa zaka zambiri m'mphepete mwa nyanja ku Mangochi munkadziwika likodzo la m'chikhodzodzo, koma m'chaka cha 2017 ofufuza anapeza nkhono ya Biomphalaria pfeifferi kumeneko, ndipo posakhalitsa ana a sukulu anayamba kupezeka ndi likodzo la m'matumbo. Makolo a anawo anazolowera kuyang'ana mkodzo wofiira, ndipo mtundu uwu sudzawaonetsa zimenezo.

Mnyamata uja anabwerera kukomboni ndi mapiritsi a propranolol, amene amachepetsa kupanikizika kwa magazi m'mitsempha ija, oti azimwa tsiku lililonse. Anauzidwa kuti asadzamwenso asipirini kapena Brufen, kuti chimbudzi chikadzadanso athamangire kuchipatala tsiku lomwelo, ndiponso kuti azibwerera ku Harare kukaonedwa ndi kamera, chifukwa mitsempha yomangidwa imatha kuphukanso pena. Ulendo uliwonse umafuna ndalama ya basi ya anthu awiri, ndipo amalume ake ndiwo amatumiza. Ntchito yolemetsa ya kumabalani anaisiya, tsopano amasankha fodya atakhala pansi.

Asanatuluke m'chipatala, anesi anamufunsa kuti, "Achimwene, kudamuko munkawedza ndi ndani?" Anatchula anzake a msinkhu wake. Ambiri anali atabalalika, ena kumigodi ya golide, ena ku Mbare, ena ku Johannesburg ndi ku Cape Town. Amene anatsala pakomboni anauzidwa kuti apite kuchipatala akapapasidwe pamimba ndi kupereka chimbudzi. Kwa amene anachoka, abale awo anatumiza uthenga pa WhatsApp, woti akapita kuchipatala kumene aliko akanene kuti anakulira padamu ku Shamva, ndipo akapemphe kuti pounika chiwindi ayang'anenso kapamba, chifukwa dokotala wa mumzinda mwina sangaganize msanga za likodzo ngati sanauzidwe.